Malamulo a kulikulu sangagwire ntchito m'maiko onse

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake kampani yokhala ndi nthambi m'maiko ambiri singangolemba malamulo amodzi a antchito n'kuwatumiza konse. Vuto n'lakuti lamulo la dziko limaposa la kulikulu.

Taonani nkhani yochotsa munthu ntchito. M'madera ambiri ku America, bwana akhoza kumuuza munthu m'mawa kuti basi, masana n'kulongedza katundu wake. Ku Germany sizitheka: ngati pakampanipo pali komiti ya antchito, iyenera kufunsidwa kaye, apo ayi khoti silivomereza kuchotsako. Ku France, kuyambira 2017, makampani akuluakulu amayenera kukambirana ndi antchito za ufulu wosayankha mauthenga a ntchito akaweruka. Ndiye bwana wa ku New York amene amatumiza imelo ku Paris kuli usiku n'kumadikira yankho, akudzinamiza.

Koma chimene ndikuona kuti chavuta kwambiri masiku ano ndi mafayilo a antchito. Lamulo la GDPR, loteteza mbiri za anthu m'maiko a mgwirizano wa ku Ulaya, lomwe linayamba mu 2018, sililola kutumiza chisawawa mbiri ya wantchito wa ku Ulaya kumaiko ena, ndipo chindapusa chake chikhoza kufika 4 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani yalowetsa pachaka.