Kusiya thanki ola lathunthu kapena kuitembenuza: yankho kwa wotsuka HP5 ndi Rodinal

Wowerenga wina wa ku Blantyre wanditumizira imelo, ndipo ndaifupikitsa motere: "Ndayamba kutsuka ndekha filimu ya black and white kunyumba. Ndili ndi filimu ya HP5 Plus, botolo la mankhwala otsukira filimu a Rodinal ndi thanki yotsukiramo ya Paterson. Ndikumva anthu akuti ndi stand development palibe chovuta: kuthira mankhwala, kusiya ola limodzi, basi. Ati filimu iliyonse imatheka, madzi atenthe kapena azizire, ngakhale zithunzi zomwe zinachepa kuwala zimatuluka. Kodi n'zoona? Ngati n'zoona, ndivutikirenji ndi wotchi?"

Achimwene, wotchiyo musaitaye. Stand imagwiradi ntchito, koma ntchito yake ndi yochepa kuposa mmene anthu amaichemerera.

Njira yanthawi zonse ija mwina mukuidziwa kale. HP5 Plus yojambulidwa pa liwiro la ISO 400, mu Rodinal wosungunula 1+50 (gawo limodzi la mankhwala pa magawo 50 a madzi), madzi a madigiri 20 Celsius, imafuna mphindi 11. Ilford, kampani yopanga HP5, imati tembenuzani thanki kanayi m'masekondi 10 oyamba, kenako kanayinso pa chiyambi cha mphindi iliyonse. Kutembenuzako kumachotsa mankhwala otopa pankhope ya filimu n'kubweretsapo atsopano. Nthawi ndiyo chiwongolero chanu: mukaonjezera mphindi, malo owala amakhuthala pa negetivi ndipo contrast, kusiyana kwa zakuda ndi zoyera, imakwera, mukachepetsa, imatsika.

Stand imasiya chiwongolerocho. Mumasungunula Rodinal kwambiri, 1+100, n'kutembenuza thanki kwa theka la mphindi kapena mphindi imodzi, kuigogoda patebulo kuti thovu lichoke pafilimu, n'kuisiya osaikhudza kwa mphindi 60. Chimene chimachitika mkatimo n'chosangalatsa. Pomwe panagwa kuwala kochuluka, monga mtambo woyera kapena malata owala ndi dzuwa, pamakhala siliva wambiri wofuna kusandulizidwa, ndiye mankhwala ochepa omwe akhudza malowo amatha mphamvu msanga, ntchito n'kuchedwa. Pamthunzi siliva ndi wochepa, mankhwala satopa msanga, amapitirira kugwira ntchito pang'onopang'ono. Mapeto ake malo owala sapsa, mithunzi imakwerako. Mujambule msika masana dzuwa lili paliwombo, wogulitsa ali pansi pa chisakasa, kunja kukuthobwa m'maso, kapena msewu wa usiku wokhala ndi mababu owala: apo stand imatha kukupatsani nkhope ya munthuyo ndi zakunja zomwe pa negetivi imodzi.

Palinso kanthu kena kamene okonda stand amakafuna. Pamalire a chinthu chakuda ndi chowala, mankhwala amphamvu a mbali yamthunzi amalowerera mbali yowala, otopa a mbali yowala amalowerera kumthunzi. Malirewo amaoneka ngati alembedwa ndi pensulo yosongoka, chithunzi n'kuoneka chakuthwa. Zikapitirira muyeso, mtengo kapena mutu wa munthu umazunguliridwa ndi kamzere kowala ngati ka oyera mtima a pazithunzi za m'tchalitchi. Ena amakakonda. Ine pankhope ya munthu sindikafuna.

Tsono kuipa kwake ndi uku. Siliva akamasandulika amatulutsa bromide, ndipo bromideyo imachedwetsa kutsuka. Mukamatembenuza thanki imabalalika, siipweteka kanthu. Mukaisiya, madzi okhala ndi bromide yambiri amalemera, amatsetsereka pang'onopang'ono pankhope ya filimu n'kusiya mizere m'njira yomwe adutsa. Ndiyo imene amaitcha bromide drag. Pa filimu ya 35mm mudzaiona mukakweza negetivi poyang'ana zenera: timizere totsika kuchokera pa timabowo ta m'mphepete, motalikirana mofanana ngati mano a chipeso. Pachithunzi cha masamba, miyala kapena khamu la anthu imabisala. Pathambo loyera, panyanja yabata kapena pakhoma lopaka laimu imaonekera poyera, ndipo kuikonza pa kompyuta ndi ntchito yotopetsa yomwe kawirikawiri siitheka bwino. Pa filimu ya 120, yomwe ndi yotambalala, thambo limatha kutuluka mbali ina yakuda mbali ina yoyera. Choipa kwambiri n'chakuti vutoli silibwera nthawi zonse. Lero zatuluka bwino, mawa mwachita chimodzimodzi koma mizere mbwee, ndipo ndi filimu ya ukwati wa mlongo wanu.

Zoti zithunzi zochepa kuwala zimapulumuka, apo ndiye anthu amanamizana kwambiri. Chomwe sichinalembeke pafilimu pojambula, palibe mankhwala angachibweretse. Stand imakweza zomwe zilipo kale pamthunzi. Pomwe kuwala sikunafike pamakhala pambalambanda basi. Rodinal payekha si mankhwala odziwika ndi kutulutsa liwiro lonse la filimu, n'chifukwa chake ambiri amajambula HP5 pa 250 kapena 320 akafuna kuitsuka nayo. Ngati cholinga ndi kujambula pa 1600, ine ndingatenge mankhwala a Ilford otchedwa Microphen kapena DD-X n'kutsuka mwanthawi zonse. Komanso kumbukirani kuti stand imatsitsa contrast pa chithunzi chilichonse, kaya chikufuna kaya sichikufuna. Tsiku la chiperoni, kunja kuli mbuu, negetivi imatuluka yozizira, yopanda chakuda chenicheni kapena choyera chenicheni. Grain, timadontho tija tooneka ngati mchenga pachithunzi, nayo musayembekezere kuti ichepa: HP5 ya 35mm mu Rodinal imaonetsa grain, njira iliyonse.

Nkhani ya kutentha ikukukhudzani inuyo mwachindunji. M'mwezi wa October madzi a pampopi sakhala pa 20. Mukawaziziritsa ndi ayisi n'kusiya thanki patebulo ola lathunthu, amatenthanso, ndipo madzi a m'mbali akamatentha kuposa a pakati amayamba kuyenda okha m'thankimo, mosalongosoka. Mphindi 11 n'zosavuta kuzilondera kuposa mphindi 60. Njira yanthawi zonse ilinso ndi tchati: pa madigiri 24, mphindi 11 zija zimatsika kufika pafupifupi 8. Ingopewani kutsika pansi pa mphindi 5, chifukwa pamenepo filimu siitsukika mofanana. Mukasankhabe stand, khazikani thanki m'beseni la madzi a madigiri 20.

Pa botolo lanulo ndiye mwasankha bwino. Rodinal ndi wakalekale, kampani ya Agfa inamutulutsa mu 1891, lero akupangidwa ndi kampani ya Adox, ndipo amakhala zaka ngakhale botolo litatsegulidwa, mtundu utachita kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Kwa munthu woitanitsa mankhwala kunja, chimenecho si chinthu chaching'ono. Koma samalani muyeso. Thanki ya Paterson imafuna 290 ml pa filimu imodzi ya 35mm, ndipo pa 1+100 ndiye kuti mwathira Rodinal wosakwana 3 ml, wochepa kwambiri moti akhoza kutha mphamvu filimu isanakhwime. Pangani 500 ml ya madzi ndi 5 ml ya Rodinal ngakhale filimu ndi imodzi, ndipo yezani ndi sirinji ya ku famase, osati chivindikiro cha botolo.

Mmene ndingachitire ndikanakhala inu: mafilimu angapo oyamba atsukeni pa 1+50, mpaka mudziwe negetivi yabwino ya kamera yanu mmene imaonekera. Kenako jambulani mafilimu awiri pamalo amodzimodzi, mukhale thambo, khoma losalala ndi munthu wokhala pamthunzi. Imodzi mutsuke mwanthawi zonse, inayo mwa semi-stand, kutanthauza 1+100 kwa ola limodzi koma n'kutembenuza thanki mofatsa kawiri kapena katatu pa mphindi ya 30. Kutembenuza kwapakatiko kumachepetsa mizere kwambiri, ngakhale sikuithetseratu. Stand yeniyeni isungireni filimu yomwe mwaipeza m'kamera yakale osadziwa kuti inajambulidwa pa liwiro lanji, kapena zithunzi za usiku zopanda thambo loyera.