Atate akayamba kukhala chete pofika zaka 50

Mdzukulu wina wa ku Chilenje mu Lusaka wafunsa za atate ake. Ali ndi zaka 49, ntchito ali nayo, nyumba anamanga, koma masiku ano akaweruka amangokhala pakhonde osacheza ndi munthu, ndipo nthawi zina amati, "Zonsezi ndavutikira chiyani?" Mtsikanayu akufuna kudziwa ngati mwana angalowererepo popanda kuchita mwano.

Ungalowererepo, mdzukulu wanga, koma uyambe wamvetsa katundu amene wasenza munthu wa msinkhu umenewu. Pakati pa zaka 40 ndi 60 munthu amadyetsa mbali ziwiri. Ana ali ku koleji kapena anamaliza koma ntchito sakuipeza, pomwe makolo ku Katete kapena ku Chadiza akalamba ndipo akudikira feteleza ndi mankhwala. Maliro akagwa, foni yoyamba imalira kwa iye: bokosi, basi yopita ku manda a ku Chingwere, ufa ndi makala a pasiwa. Amene amamufunsa ngati wagona bwino ndi ochepa. Munthu wotere satopa ndi ntchito yokha. Amatopa ndi kuonedwa ngati thumba la ndalama.

Mwambo wathu sulola mwana kukhazika atate pansi n'kuwalangiza. Mawu olemera uwapatse achimwene awo, ankhoswe a ukwati wawo kapena mkulu wa mpingo amene amamukhulupirira. Koma zilipo zimene iweyo ungachite ndi ulemu wonse.

Yamba ndi thupi, chifukwa zina zimene timati kukhumudwa zimachokera ku matenda osadziwika. Uwapemphe kuti akuperekeze ku kiliniki, ndipo mukayezetse nonse awiri. BP ikapezeka pa 140/90 kapena kupitirira pa masiku osiyanasiyana, ndiye kuti yakwera. Shuga woyeza m'mawa munthu asanadye akafika 7.0 amafuna kuti a dokotala aonenso, makamaka ngati atate amamva ludzu kwambiri ndi kudzuka kangapo usiku kukataya madzi. Cholakwika chofala n'chakuti munthu amamwa mapiritsi a BP mwezi umodzi, n'kusiya poti akupeza bwino. BP simveka kupweteka, ndipo ambiri amene anafa ziwalo mbali imodzi anayamba ndi kusiya mankhwala chonchi. Ngati amadulidwa ndalama za NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo, pa malipiro awo, khadi lawo ligwire ntchito. Amayi ako usawaiwale: pakati pa zaka 45 ndi 55 akazi ambiri amasiya kusamba, ndipo kutentha thupi usiku, kusowa tulo ndi kupsa mtima msanga si ufiti ayi.

Koma ukaona kuti padutsa milungu iwiri atate sakudya, sakugona, mowa awonjeza, kapena ayamba kunena zoti kuli bwino kufa, usadikire msonkhano wa banja. Uuze amayi ndi achimwene awo tsiku lomwelo, apite nawo kuchipatala. Ku chipatala cha Chainama amathandiza matenda a maganizo ngati amenewa, ndipo kupitako si manyazi.

Nkhani ya ndalama ndiyo imafuna kulimba mtima. Chimene chimathyola anthu a msinkhu uwu si kuthandiza achibale, koma kuthandiza kopanda malire, kumene pempho lililonse limabwera ngati ngozi. Abale onse amene akugwira ntchito agwirizane ndalama yoponya mwezi ndi mwezi, ina ya makolo kumudzi, ina yosungira maliro ndi matenda, ndipo wosunga akhale wina, wolemba m'buku akhale wina. Iwenso ukayamba kulandira, uponyepo, ngakhale ya magetsi okha. Atate akaona kuti sali okha, tulo timabwerera. Ngongole za kaloba azipewe, chifukwa chiwongoladzanja chake chimakwera mwezi uliwonse ndipo ambiri atayira pomwepo galimoto ndi mapepala a nyumba.

Mu 2023 NAPSA, bungwe la penshoni, inayamba kulola membala amene waponya miyezi 60 kapena wafika zaka 45 kutengako 20 peresenti ya ndalama zake asanapume. Mwayiwu ndi wa kamodzi kokha, ndipo zimene watenga zimachepetsa penshoni ya mtsogolo. Kumalizira nazo denga la nyumba ya lendi n'kwanzeru; kuzithera pa phwando la ukwati ndiko kulira pa zaka 60, nthawi yopuma ntchito ikakwana. Alembenso wilu pamaso pa mboni ziwiri. Popanda wilu, lamulo la 1989 limagawa chuma motere: 50 peresenti ana, 20 mkazi kapena mwamuna, 20 makolo, 10 ena amene womwalirayo ankawasamala. Wilu siitana imfa. Imachotsa nkhawa imene ambiri amagona nayo osainena.

Zimenezi zimangopepula katundu. Kukoma kwa moyo kumabwera munthu akafunidwa chifukwa cha zimene akudziwa. Ngati atate ako amatha kukonza injini, kupala matabwa kapena kuwerengera ndalama za bizinesi, upeze mnyamata wa m'dera lanu woti aziphunzira kwa iwo Loweruka lililonse. Ngati amakonda kuimba, abwerere ku kwaya. Kuseri kwa nyumba alime bedi la repu ndi chibwabwa, lotambalala mita imodzi kuti dzanja lifike pakati osaponda mbewu. Aziyenda mphindi 30, masiku asanu pa mlungu, ndi mnzawo wa msinkhu wawo, chifukwa amuna amamasuka kulankhula ali m'njira kusiyana ndi atakhala moyang'anizana.

Ndipo iweyo ugule buku lolembamo. Madzulo, mutatha nsima, ukhale pansi pafupi nawo n'kunena kuti, "Atate, tandiuzani, agogo anu aakazi anali a mfunda wanji, ndipo mudzi wawo unali pati?" Ulembe maina, midzi, mitsinje, ndi chaka chimene anabwera mu Lusaka. Usawadule mawu akapatuka n'kuyamba nkhani ya sukulu yawo. Bukulo likadzaza, uwapemphe kuti mu Ogasiti akutengereni nonse ku mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika, ndipo pobwerera mukadzere kumudzi akakuonetseni manda a makolo ndi munda umene ankalima ali mnyamata. Ndalama za ulendowo muyambe kusunga tsopano, anawo ndinu mulipire basi.