Yankho: Kodi opaleshoni ya kamera pa khansa ya m'matumbo ndi yodalirika?

Achemwali a ku Lobi, mwafunsa ngati opaleshoni ya kamera (laparoscopy) yomwe madokotala atchula kwa bambo anu ingachotsedi khansa yonse ya m'matumbo akulu, poti saang'amba mimba yonse. Ingathe. Kafukufuku wotchedwa COST wa 2004, wa odwala 872 ku America ndi Canada, anapeza kuti khansa imabwerera mofanana, kaya achita ndi kamera kaya ang'amba.

Pochita ndi kamera, madokotala amaboola timabowo ta pafupifupi sentimita imodzi, amafufumitsa mimba ndi mpweya kuti aone bwino, kenako amatulutsa chigawo chodwalacho pa kabala kakang'ono n'kulumikiza matumbo otsalawo. Ululu umachepa, matumbo amayamba msanga kugwira ntchito, bala siliola kawirikawiri, ndipo munthu amatuluka m'chipatala msanga.

Koma musadabwe akayamba ndi kamera n'kumaliza ndi kung'amba. Pa kafukufuku uja zinatero kwa wodwala mmodzi mwa asanu. Chotupa chikakhala chachikulu kapena chamatirira kwina, dokotala wanzeru amatsegula ndithu, sakakamira. Ine ndingafunse dokotalayo maso ndi maso kuti wachitapo kangati opaleshoni yotereyi, chifukwa luso lake ndi lofunika kuposa makinawo.

Choopsa kwambiri n'chimodzi pa njira zonse ziwiri: polumikiza matumbo pakhoza kudontha, makamaka m'sabata yoyamba. Bambo akatentha thupi, mimba ikatupa, ululu ukamakula kapena mtima ukamathamanga, musadikire tsiku lokaonana ndi dokotala kapena kuwapatsa panado. Thamangirani ku chipatala cha boma ku Dedza tsiku lomwelo ndi buku lawo la kuchipatala, awatumize ku Kamuzu Central ngati kuli kofunika.