Mbewu ya haibulidi, GMO ndi nkhani ya majini

Mayi wina wafunsa kuti: "Chaka chatha ndinabzala chimanga cha haibulidi ndipo chinabereka bwino. Ndasunga mbewu n'kubzalanso, koma mapesi atuluka osiyanasiyana, ena aatali, ena ofooka. Kodi ndalakwitsa pati?"

Mayi, yankho lili m'kati mwa njere. Chamoyo chilichonse chimapangidwa ndi timaselo, ndipo m'selo muli ulusi wotchedwa DNA. Ulusiwu uli ndi malangizo olembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, T, G ndi C. Kachigawo kamene kamanena za chinthu chimodzi, monga mtundu wa njere, ndiko timati jini, zikachuluka majini (osati a mizimu aja ayi). Chimanga chili ndi mitolo 20 ya ulusiwu, 10 yochokera ku mungu wa ngayaye ndipo 10 yochokera kumene chitsononkho chimamera. Taonani ndevu za chimanga: ulusi uliwonse umapita ku njere imodzi, ndiye kuti njere za pachitsononkho chimodzi zikhoza kukhala ndi abambo osiyana.

Opanga haibulidi amakwatitsa mitundu iwiri yosankhidwa bwino, ndipo ana oyamba amafanana komanso amakhala amphamvu. Mukabzala zidzukulu, majini amagawikanso mwachisawawa, ofooka amene anabisala amaonekera. Katswiri wa sayansi Gregor Mendel anaona zimenezi pa nsawawa ndipo analemba mu 1866: atakwatitsa zazitali ndi zazifupi, ana onse anali aatali, koma mwa zidzukulu, pafupifupi chimodzi pa zinayi zilizonse chinali chachifupi. Choncho musadandaule ndi nthaka kapena feteleza. Haibulidi gulani yatsopano chaka chilichonse. Ngati mukufuna yosunga, bzalani ya OPV (mbewu yosakhala haibulidi, imene mungu wake umafalikira mwachilengedwe), patali ndi minda ina ya chimanga kuti mungu usasakanikirane.

Bambo wina akuti: "Kodi haibulidi ndi GMO si chinthu chimodzi?"

Ayi, bambo. Haibulidi imabwera pokwatitsa chimanga ndi chimanga. GMO imapangidwa mu labotale poika jini mwachindunji, kawirikawiri yochokera ku chamoyo china. Chimanga cha Bt, chimene chinayamba kulimidwa ku America mu 1996, chili ndi jini ya bakiteriya wa m'nthaka, Bacillus thuringiensis, ndipo mbozi ikadya tsamba imafa. Komatu mbozi nazo zimasintha. Ku South Africa, kapuchi wopirira Bt anapezeka cha m'ma 2007. N'chifukwa chake amene amalima Bt amauzidwa kusiya gawo la chimanga wamba, kuti mbozi zosapirira zipitirize kuswana ndi zinzake. Kumene malamulo amalola mbewuyi, langizoli musalinyozere.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ine ndi ntchito ina yosamveka kawirikawiri. Kale wofufuza ankadikira nyengo yonse kuti aone mbewu yopirira matenda. Lero amadula kachidutswa ka tsamba pa mbande, n'kuyeza DNA yake, ndipo amadziwa ngati jini yofunikayo ilimo mbandeyo isanafike m'mawondo. Umu ndi mmene akatswiri a International Rice Research Institute ku Philippines anapezera mpunga wa Sub1, umene umatha kumira m'madzi pafupifupi milungu iwiri osafa. Jiniyo anaitenga mu mpunga wachikale wa ku India pokwatitsa basi, ndipo alimi a kumeneko anayamba kulandira mbewuyi mu 2009.