Kodi nditenge ngongole kuti ndigule masheya amene akukwera?

Mayi wina walemba motere: "Ndili ndi bizinesi yaing'ono imene imandipatsa kangachepe mwezi ndi mwezi. Mnzanga anagula masheya a kampani ina chaka chatha ndipo mtengo wake wawirikiza kawiri. Akuti ndikazengereza ndidzanong'oneza bondo. Ndikuganiza zotenga ngongole kubanki, n'kuphatikiza ndi mpamba wa bizinesi, kuti ndigule ambiri nthawi imodzi. Ndithandizeni maganizo."

Mayi, ngongoleyo musatenge, ndipo mpamba wa bizinesi musaukhudze. Masheya si oipa ayi, ndipo ndikufuna mudzakhale nawo. Koma amagulidwa ndi ndalama imene mungathe kuisiya zaka zisanu kapena kuposerapo osaifuna. Ndalama ya ngongole si yotero.

Sheya ndi kagawo ka umwini wa kampani. Mumapindula nayo kampaniyo ikagawa phindu kwa eni ake, zimene amati dividendi, kapena mukadzaigulitsa pamtengo woposa umene munagulira. Ziwiri zonsezi palibe amene akukulonjezani. Chimene chili ndi lonjezo ndi ngongole: banki idzafuna ndalama zake pa tsiku lake, msika ukwere kapena ugwe. Tiyerekeze kuti mwakongola 100 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pachaka, ndiye masheyawo atsika ndi 30 peresenti. Chaka chikamatha muli ndi katundu wa 70 m'manja, pamene kubanki akufuna 120. Kuti mutseke dzenje la 50 limenelo mugulitsa masheyawo pa nthawi imene atchipitsitsa, kenako muyamba kutapa m'bizinesi. Amene anagula ndi ndalama yakeyake angodikira. Inu mwayi wodikira mulibe.

Ndipo kudikirako nthawi zina kumatalika. S&P 500, muyezo wa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu 500 a ku America, unagwa ndi pafupifupi 57 peresenti kuchokera mu Okutobala 2007 kufika mu Malichi 2009, ndipo sunabwerere pamene unali poyamba mpaka mu 2013. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utayamba, unatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu m'milungu yochepa, koma pofika mu Ogasiti chaka chomwecho unali utadzuka. Ku Japan, Nikkei 225, imene ndi muyezo wotere wa kumeneko, inafika pachimake mu Disembala 1989 ndipo inadzadutsanso pamenepo mu Febuluwale 2024, patatha zaka 34. Munthu akakuuzani kuti msika umabwerera nthawi zonse, mufunseni kuti umabwerera liti. Kumbukiraninso kuti chinthu chikatsika ndi theka, kuchoka pa 100 kufika pa 50, chiyenera kuwirikiza kawiri kuti mungobwerera pamene munayambira.

Zimenezi ndi za msika wonse. Inu mukufuna kuika zonse m'kampani imodzi, ndipo kampani imodzi ikhoza kufa osadzukanso. Sheya ya Enron, kampani ya ku America ya magetsi ndi gasi, inkagulitsidwa pafupifupi madola 90 mu 2000. Pofika kumapeto kwa 2001 inali isakukwana dola imodzi, ndipo kampaniyo inagwa zitadziwika kuti inkabisa ngongole m'mabuku ake. Amene anavulala kwambiri anali antchito ake omwe, chifukwa ambiri anaika ndalama zawo zapenshoni m'masheya a kampani yomweyo. Ntchito ndi penshoni zinapita limodzi. Nkhani imeneyi imandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa anthuwo sanali osusuka. Anangokhulupirira malo amodzi.

Tsopano za mnzanuyo. Ndikukhulupirira kuti akukufunirani zabwino, koma phindu limene iye wapeza ndi la mtengo wa chaka chatha. Inu mugula pamtengo wa lero, umene ndi wowirikiza. Funso n'lakuti: kodi phindu la kampaniyo nalonso lawirikiza, kapena changokwera ndi chidwi cha ogula? Yankho lili m'lipoti la pachaka la kampaniyo, lomwe kampani iliyonse yolembetsedwa pamsika wa masheya imayenera kutulutsa. Inu muli ndi bizinesi, ndiye kuwerenga lipotili sikungakukanikeni monga mukuganizira. Onani ngati malonda ake akukula kwa zaka zingapo zotsatizana, ngati phindu likutsatira, kukula kwa ngongole zake, ndiponso ngati imapereka dividendi mosadumphadumpha. Kenako tengani mtengo wa sheya imodzi muugawe ndi phindu la pachaka la sheya imodziyo. Ngati sheya ikugulitsidwa 60 ndipo phindu lake ndi 3, ndiye kuti mukulipira phindu la zaka 20. Ngati chaka chatha inali 30 phindu lili 3 yemweyo, kampani sinasinthe, changosintha n'chakuti mukuigula modula. Yerekezerani nambala imeneyi ndi ya makampani ena ochita malonda ofanana nawo.

Musaiwalenso kufunsa bizinesi yanu funso lomwelo. Ngati mpamba wanu umazungulira kangapo pachaka n'kumakusiyirani phindu lodziwika, n'kutheka kuti ukubereka kale kuposa mmene masheya angakupatsireni, ndipo bizinesiyo mumaidziwa mkati ndi kunja.

Njira imene ndingakonde kuti mutsate ndi iyi. Sungani kaye ndalama zokwanira kuyendetsa nyumba miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, pamalo poti mungazitenge msanga. Ngati muli ndi ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu, malizani imeneyo. Mukatero, patulani kagawo ka phindu la bizinesi mwezi uliwonse, ngakhale kachepe, muzigulira masheya mosalekeza. Mtengo ukakwera mugula ochepa, ukatsika mugula ambiri, ndipo simudzavutika kulosera tsiku labwino logulira, zimene ngakhale akatswiri amalephera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati mulibe nthawi yowerenga malipoti, funsani za thumba limene limagula masheya a makampani ambiri pamodzi, monga unit trust kapena index fund. John Bogle wa ku America anayambitsa index fund ya anthu wamba mu 1976 kukampani yake ya Vanguard, ndi maganizo akuti m'malo mosaka kampani yopambana, gulani msika wonse pamtengo wotsika. Warren Buffett, katswiri wotchuka wogula masheya, anabetcha madola 1 miliyoni kuti thumba lotere lotsata S&P 500 lidzaposa matumba osankhidwa ndi akatswiri olipiritsa ndalama zambiri, ndipo zaka khumi zitatha, mu 2017, anapambana. Ndalama zimene oyendetsa thumba amakudulani musaziderere. Tiyerekeze msika ukubereka 7 peresenti pachaka: 100 wanu, pakatha zaka 20, afika pafupifupi 352 ngati amakudulani 0.5 peresenti pachaka, koma 265 yekha ngati amakudulani 2 peresenti.

Gulani kudzera kwa broker, yemwe ndi wokugulirani ndi kukugulitsirani masheya, amene ali ndi chiphaso cha bungwe loyang'anira msika wa masheya m'dziko lanu, ndipo dzina lake mulione nokha pamndandanda wa bungwelo, osati pa Facebook kapena WhatsApp. Musanasainire chilichonse, akulembereni ndalama zonse zimene adzakudulani pogula, pogulitsa ndi pachaka, msonkho wa dividendi, komanso masiku amene ndalama imatenga kuti ifike ku akaunti yanu mukagulitsa. Masheyawo alembedwe m'dzina lanu, osati la mnzanu kapena la gulu.

Kampani ya mnzanuyo ikakukhutiritsani mutawerenga lipoti lake, igulani ndithu, koma ikhale imodzi mwa zingapo za malonda osiyanasiyana, ndipo ndalama yake ichokere m'phindu la mwezi uno.