Yambirani pa konkire ndi zitsulo

Mwafunsa kuti mungayeze bwanji mpweya wa kaboni umene umatuluka popanga zipangizo ndi pomanga nyumba, komanso mmene mungauchepetsere.

Tengani ndandanda ya zipangizo imene wowerengera mtengo wa ntchito anakonza kale. Kulemera kwa chipangizo chilichonse muchulukitse ndi nambala yake ya kaboni, yosonyeza mpweya wa kaboni umene umatuluka popanga kilogalamu imodzi ya chipangizocho. Nambalazi mungazipeze m'zikalata za EPD zochokera kwa opanga, zofotokoza mmene chipangizo chimakhudzira chilengedwe, kapena mu ICE database, nkhokwe ya nambala zotere imene inayambira ku University of Bath. Mukaphatikiza zonse, mugawe ndi masikweya mita a nyumbayo. Ndondomeko yonse ili mu EN 15978, muyezo wa ku Ulaya wowerengera mmene nyumba imakhudzira chilengedwe.

Zitseko ndi penti zisakutayitseni nthawi poyamba. Nkhani yaikulu ili pa simenti. Poipanga amawotcha miyala ya laimu mpaka pafupifupi 1,450°C, ndipo mwalawo pawokha umatulutsa mpweyawu, kuwonjezera pa wochokera ku malasha owotcherawo. Choncho funsani simenti yosakaniza ndi phulusa la malasha kapena slag, zotsalira posungunula chitsulo. Injiniya aonenso ngati mizati ndi maziko sizinanenepe mopyola muyezo, poti ena amangowonjezera chifukwa cha mantha. Ngati pamalopo pali kale nyumba yolimba, ine ndingaikonze m'malo moigumula.