FUNSANI AZAKHALI: Mtsikana wa kuofesi wanditopetsa pa ulendo wa ku Nsanje

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 54, ndimagwira ntchito ku bungwe lina kuno ku Lilongwe. Mwezi watha anatituma ku Nsanje kukaona mabanja amene anasamutsidwa ndi namondwe Freddy uja wa 2023, ndiye anandipatsa mtsikana wangochoka kumene ku yunivesite, zaka 24, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Azakhali ndinavutika ine. Kungokwera galimoto wavala kale mahedifoni, Dedza, Ntcheu mpaka pa Zalewa osatsegula pakamwa, ine ndi adalaivala kumacheza ngati tilipo awiri. Amandiitana dzina langa lenileni osaikako olo "mayi" kutsogolo. Kumudzi anapita ndi jinzi yothina, chitenje ndinachita kumubwereka. Koma chomwe chandiwawa kwambiri ndi ichi, amfumu ali mkati molankhula iye anawadula pakamwa eti tabwerera mafunso a pa fomu okha nthawi yatha, kenako madzulo ku loji nkundiuza pamaso pa adalaivala kuti manambala a m'kabuku kanga ndi olakwika tizingodalira tabuleti. Ntchito imeneyi ndinayamba iye asanabadwe. Sindinamuyankhe, koma mwezi wa mawa akutitumanso limodzi. Ndikawauze abwana andisinthire munthu?

Mayi wodandaula, Area 25

Amayi,

Kwa abwana musapite kaye. Mukakafika kumeneko funso loyamba likakhala loti kodi mwiniwakeyo munamuuza, inu nkuti ayi, basi nkhani yatembenuka, wovuta kugwira naye ntchito ndinu.

Zomwe mwalembazi sizolemera mofanana. Za mahedifoni zisiyeni, Lilongwe mpaka Nsanje ndi ulendo wa tsiku lathunthu ndipo mukangotsika pa Thabwa paja kutentha kwake munthu aliyense amafuna kungokhala duu. Mwinanso amakuopani, sadziwa kuti acheze chani ndi munthu wa msinkhu wa mayi ake. Za dzina nazo ndi zapafupi, m'maofesi ambiri a mabungwe ana awa amapeza anthu akuitanana maina mpaka abwana omwe, ndiye amaona ngati ndi mmene zimakhalira. Muuzeni kamodzi kokha kuti mwanawe ine uzinditi amayi kapena anti. Akapitiriza atamva, imeneyo ndiye mwano.

Jinziyo ndikukumvetsani komwe mukuchokera. Inu ndi ine tinakula nthawi ya Kamuzu pomwe lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala buluku, ndipo linachotsedwa mu 1993 inu muli kale mtsikana wamkulu. Iyeyu wabadwa zonsezo zitatha, kwa iye jinzi ndi chovala basi. Chitenje kumudzi chimafunikadi, koma kodi alipo anamuuza asananyamuke?

Pa amfumu pokhapo ndiye ndili mbali yanu ndi miyendo yonse iwiri. Apa vuto si ulemu wanu ayi, ndi ntchito imene ikuonongeka. Amfumu ndi amene amamema anthu, ndi amene amadziwa kuti banja lakuti linabwerera kumadimba ku Shire, lakuti likadali kumtunda komwe anawasamutsira, ndipo zambiri zimene fomu sifunsa zimatuluka mu nkhani zazitali zomwe mtsikana wanuyo akuti zikutaya nthawi. Mukawadula pakamwa pamaso pa anthu awo sakukalipirani, angokuthokozani bwinobwino, koma ulendo winawo mukapeza pansi pa mtengo pali nkhalamba zitatu ndi mbuzi, ena onse akuti apita kumaliro. Izi ku yunivesite saphunzitsa, amaphunzira kwa anthu ngati inu, ndiye mukakhala chete aphunzira kwa ndani?

Tsono ndikufunseni, musakwiye. Manambala aja analidi olakwika? M'kalata mwanu simunanene kuti ananama, mwangoti ananenera pagulu. Kunenera pamaso pa adalaivala analakwitsa, koma ngati analidi olakwika wakupulumutsani, bola iye kusiyana ndi kuti akawapeze a ku likulu lipoti litapita kale. Ndipo ndikukayikira kuti kwinaku chikukuwawani ndi tabuletiyo, kuona mwana akungodinadina zinthu nkutheka pomwe inu munazolowera cholembera. Palibe chamanyazi apa. Muuzeni akuonetseni madzulo amodzi, si zovuta ngati mumatha kutumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money. Kabukuko musakataye, magetsi akazima ku loji usiku tabuleti imadzuka yopanda moto, kabuku sikafuna chaja.

Kusintha munthu sikukuthandizani kwenikweni, kalembera wa 2018 anapeza kuti oposa theka la Amalawi anali osakwana zaka 18, ndiye wobwera m'malo mwakeyo akhalanso wa msinkhu womwewo, mwina ndi mahedifoni akuluakulu kuposa awa.

Musanapite ulendo wa mwezi wa mawawu muitaneni awiriwiri, osati mu galimoto, osatinso pa gulupu ya WhatsApp ya kuofesi. Gawanani ntchito poyera: kulonjera amfumu, kutsegula ndi kutseka msonkhano ndi kwanu, tabuleti ndi kuonkhetsa manambala ndi kwake, akaona nthawi ikutha azikunong'onezani inu osati kulankhula yekha, ndipo wina akapeza cholakwika cha mnzake muzikambirana muli nokha. Mumukumbutsenso alongedze chitenje chake. Akakawadulanso amfumu mutamuuza, apo pitani kwa abwana, mukatchule tsiku ndi mudzi womwe zachitikira, ndipo iye adziwiretu kuti mukupita.

Azakhali